Jakisoni Akasiya Kugwira: Nkhani ya Tizilombo Tosamva Mankhwala m'Mawodi a Ana

Aliyense amene anakhalapo gadiyani m'wodi ya ana amalidziwa ola la jakisoni. Namwino amalowa ndi timabotolo take, amayi amadzutsa ana, kulira kumayambira pa bedi loyamba mpaka kukafika kumapeto kwa wodi. Pakatha masiku awiri kapena atatu ana ambiri amayambanso kuyamwa, thupi limazizira, ndipo mayi amayamba kufunsa za tsiku lotuluka. Koma pamapezeka mwana mmodzi kapena awiri amene jakisoni yemweyo sakuwachita kanthu. Dokotala amabwera, amawerenga faelo, n'kunena kuti, "Mayi, tisintha mankhwala. Awa sakugwira."

Mawu amenewa ndi omwe timawamvanso pa wailesi mwezi wa Novembala, pamene dziko lonse limakumbukira za tizilombo tosamva mankhwala. Makolo ambiri amasokonezeka nawo, ndipo m'pomveka. Dzulo amauzidwa kuti mwana akatentha thupi athamange naye kuchipatala akalandire mankhwala. Lero akumva kuti mankhwala akuperekedwa mopyola muyezo. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo mwana amene wagona pa bedi paja ali pakati pa ziwirizi.

Maantibayotiki ndi chiyani, ndipo sapha chiyani

Tonse timangoti tizilombo, koma tizilombo tili ndi mafuko. Pali mabakiteriya, amene amayambitsa tayifodi, kolera, chifuwa chachikulu, mitundu ina ya chibayo ndi matenda oumitsa khosi. Pali mavairasi, amene amayambitsa chimfine, chikuku, Edzi, komanso kutsekula m'mimba kwambiri kwa ana aang'ono. Palinso kachilombo ka malungo, komwe ndi ka fuko lina kotheratu. Maantibayotiki ndi mankhwala opha mabakiteriya basi. Amoxicillin, Bactrim, gentamicin, ceftriaxone, onsewa ali m'gulu limeneli. Kumwetsa mwana wa chimfine amoxicillin kuli ngati kutchera mbewa ndi cholinga chothana ndi chiswe: msampha ndi wabwinobwino, koma mdani wake si ameneyo.

Mankhwalawa si akale kwambiri. Mu 1928, Alexander Fleming, ku chipatala cha St Mary's ku London, anaona kuti nguwi yomwe inamera m'mbale yake yolereramo mabakiteriya yapha onse oyandikana nayo. Pamenepo ndi pomwe panachokera penicillin, ngakhale kuti panapita zaka zopitirira khumi Howard Florey ndi Ernst Chain a ku Oxford asanawasandutse mankhwala obayira odwala. Agogo athu ena anabadwa nthawi yomwe chilonda chotukusira kapena chibayo cha mwana chinalibe mankhwala enieni. Fleming yemweyo, polandira mphotho ya Nobel mu 1945, anachenjeza kuti munthu womwa penicillin wosakwanira angathe kuphunzitsa tizilombo kupirira mankhwalawo.

Amene sakumva ndi ndani?

Apa ndi pomwe ambiri timaphonya. Timati "thupi la mwana lazolowera mankhwala", ena amati mankhwala apima. Koma thupi la mwana silizolowera chilichonse. Tomwe timasintha ndi tizilombo. N'chifukwa chake khanda la masiku atatu, lomwe silinalandirepo mankhwala alionse chibadwire, lingathe kudwala matenda osamva mankhwala. Kachilomboko kabwera kale ndi luso lake kuchokera kwa anthu ena.

Mlimi amazimvetsa msanga zimenezi. Mukathira mankhwala m'thumba la chimanga, anankafumbwe ambiri amafa, koma pamatsala ochepa amene mwachibadwa ndi olimba. Otsalawo ndiwo amaswana, ndipo ana awo amatengera kulimbako. Chaka ndi chaka mukamathira mankhwala omwewo, mumakhala mukusankha olimba okhaokha, mpaka mankhwala aja amangokhala ngati phulusa. Mabakiteriya amachita chimodzimodzi, koma mwa liwiro lalikulu: ena mwa iwo, zinthu zikawayendera, amachulukana kawiri pa mphindi 20 zokha.

Alinso ndi khalidwe lina lomwe anankafumbwe alibe. Amagawana luso ngati anansi opalana moto. Bakiteriya amene ali ndi njira yophwanyira mankhwala angathe kupatsira tizidutswa ta chibadwa chake kwa mnzake wa mtundu wina, ndipo mnzakeyo nayenso amasiya kumva. Zambiri mwa izi zimachitikira m'matumbo mwathu momwe, mmene mumakhala mabakiteriya ochuluka osatidwalitsa. Nthawi iliyonse yomwe mwana wamwa antibayotiki, kaya amafunikadi kaya ayi, a m'matumbo aja nawonso amalawako, ofooka amafa, olimba amatsala.

Amalawi tinaionapo kale nkhani yofanana ndi iyi pa malungo. Chloroquine atasiya kugwira, dziko lino linakhala loyamba mu Africa kumusiya mu 1993 n'kuyamba Fansidar, ndipo nayenso atafooka tinasamukira ku LA mu 2007. Chodabwitsa, patatha zaka zopitirira khumi, kafukufuku wa ku Blantyre anapeza kuti malungo ayambanso kumva chloroquine. Koma tisadzinamize kuti mabakiteriya onse adzachita chimodzimodzi. Ambiri akaphunzira saiwala msanga.

Kukula kwa vutoli kunawerengedwa. Kafukufuku wamkulu wofalitsidwa m'magazini ya The Lancet mu 2022 anayerekeza kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse anamwalira chifukwa chakuti mabakiteriya sanamve mankhwala, ndipo pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse anali mwana wosakwana zaka zisanu. Kumene imfazi zinali zochuluka poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu ndi kuno ku Africa, kumwera kwa Sahara, komwenso ana ambiri amafa chifukwa chosowa mankhwala omwewo.

Kulemba mankhwala usanaone mdani

Makolo ena amafunsa kuti, bwanji dokotala osayamba wayeza kaye? Yankho lake lili pa nthawi. Malungo amayezedwa ndi dontho la magazi pa chala, ndipo zotsatira zimatuluka mayi asanamalize kutonthoza mwana. Mabakiteriya a m'magazi alibe choyezera chachangu chotere. Magazi amaikidwa m'botolo lapadera, botolo limasungidwa pofunda ku labotale, ndipo amadikira kuti tizilombo timere ngati mbewu pa nazale. Tikamera, amatiyesa ndi mankhwala osiyanasiyana kuti aone omwe akupha tizilomboto. Zonsezi zimatenga masiku awiri, atatu, kapena kupitirira. Nthawi zambiri botolo silimeretsa kanthu ngakhale mwana akudwaladi, makamaka ngati anamwetsedwa kale makapusozi a pa golosale asanabwere. Ndipo zipatala zambiri za m'maboma ndi za kumidzi sizichita kuyeza kwa mtundu umenewu tsiku ndi tsiku.

Mwana wodwala kwambiri sangadikire masiku atatu. Choncho dokotala amalemba mankhwala potengera zizindikiro ndi zomwe zimadziwika kuti kawirikawiri zimayambitsa matenda otero. Kuti asamangolota, bungwe la WHO pamodzi ndi UNICEF anakonza m'zaka za m'ma 1990 ndondomeko yotchedwa IMCI, yomwe anamwino, madokotala ndi alangizi a zaumoyo a m'midzi amatsatira. Mwachitsanzo, amawerenga mpweya: mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kupitirira pa mphindi imodzi, kapena wa chaka chimodzi mpaka zisanu ka 40, akukhosomola, amamutenga kuti ali ndi chibayo ndipo amalandira amoxicillin.

Ndondomeko imeneyi yapulumutsa ana ochuluka. Koma inapangidwa dala kuti isaphonye mwana wodwaladi, ndiye imakokera mkati ana ambiri amene ali ndi vairasi chabe. Zili ngati mlonda wa m'munda usiku amene wamva kutswatswata: sadikira kuti kuche aone ngati ndi nguluwe kapena mphepo, amaponya mwala. Ndikaganiza za dokotala amene ali yekha usiku ndi ana makumi angapo, opanda labotale, sindiona chomudzudzulira akasankha kubaya. Akalakwitsa posapereka, mwana amafera m'manja mwake usiku womwewo. Akalakwitsa popereka, wovutika ndi mwana wina wosamudziwa, chaka chamawa, pa bedi lina.

Mbedza ndi ukonde

Maantibayotiki ena amapha mitundu yochepa ya mabakiteriya, ena amasesa yambiri nthawi imodzi. Oyambawo ali ngati mbedza, enawo ngati neti ya udzudzu yomwe ena amakokera m'nyanja: imagwira chambo chomwe mukufuna, komanso timwana ta nsomba ndi mazira omwe. Amene sakudziwa chomwe chili m'madzi amakonda ukonde, ndipo lero amadya bwino. Za nyanja mawa tonse tikuzidziwa.

Ukonde wodziwika kwambiri m'zipatala zathu ndi ceftriaxone. Ali ndi zonse zomukondetsa: ndi wotchipa, amagwira matenda ambiri, amafika ngakhale ku ubongo, ndipo nthawi zambiri amabayidwa kamodzi patsiku, chomwe n'chinthu chachikulu kwa namwino mmodzi wosamalira wodi yodzaza. Anayamba kupezeka mofala m'zipatala za boma chapakati pa zaka za m'ma 2000, nthawi yomwe chloramphenicol, Bactrim ndi amoxicillin anali atafooka kale pa matenda ambiri a m'magazi.

Zomwe zinatsatira tikuzidziwa bwino chifukwa ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre, bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome lakhala likuyeza magazi a odwala otentha thupi kuyambira 1998, ntchito yomwe zipatala zochepa mu Africa zaichita kwa nthawi yaitali chotere. Zotsatira zomwe anafalitsa mu 2017 zinaonetsa kuti pakati pa 2003 ndi 2016, mabakiteriya a E. coli otha kuphwanya mankhwala a mtundu wa ceftriaxone anachoka pa osakwana 1 mwa 100 kufika pa 30 mwa 100. A Klebsiella anachoka pa 12 kufika pa 90 mwa 100. Ndiye kuti mwa odwala khumi amene Klebsiella analowa m'magazi mwawo, asanu ndi anayi jakisoni wodalirika uja sakanawathandiza. Kafukufuku yemweyo anabweretsanso nkhani yabwino, yomwe imaiwalika: matenda a m'magazi onse pamodzi anatsika kwambiri m'zaka zimenezo, nthawi yomwe ma ARV ndi akatemera atsopano anafalikira. Odwala anachepa, koma otsalawo anavuta kuchiza.

Pofuna kuika dongosolo, WHO mu 2017 inagawa maantibayotiki m'magulu atatu. Gulu la Access ndi la mankhwala oyambira, oyenera kupezeka paliponse, monga amoxicillin ndi gentamicin. Gulu la Watch ndi la ofuna kusamala nawo chifukwa amabala kusamva msanga; muli ceftriaxone, ciprofloxacin, azithromycin ndi meropenem. Gulu la Reserve, momwe muli colistin, ndi ngati chimanga chambewu chomwe sichikhudzidwa pokhapokha njala itafika posauzana. Pa msonkhano wa United Nations mu Seputembala 2024, maiko anagwirizana kuti pofika 2030, maantibayotiki 70 mwa 100 alionse operekedwa kwa anthu azichokera m'gulu loyamba, ndiponso kuti imfa zokhudzana ndi vutoli zitsike ndi 10 mwa 100.

Kodi n'zotheka kuchepetsa ukonde popanda kutaya odwala? Ku Gulupu komweko anayesa m'mawodi a akuluakulu. Anaika malangizo a kalembedwe ka mankhwala pa foni za madokotala, n'kumaonanso odwala pakatha masiku awiri kapena atatu kuti aone ngati jakisoni akufunikabe. Mwa mankhwala olembedwa, a mtundu wa ceftriaxone anatsika kuchoka pa 80 kufika cha pa 54 mwa 100, ndipo imfa sizinakwere. Kuonanso wodwala kumeneku ndiye mtima wa nkhani yonse: kuyamba msanga, kenako kubwerera n'kudzifunsa ngati tisiye, tisinthe, kapena tichoke pa jakisoni kupita pa mapiritsi.

Makanda

Mwana si munthu wamkulu wochepetsedwa, ndipo khanda si mwana wamkulu wochepetsedwa. Chiwindi ndi impso za khanda zimakhala zisanakhwime, choncho mankhwala amachedwa kutuluka m'thupi. Madokotala anaphunzira izi mowawa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, pamene makanda opatsidwa chloramphenicol wambiri ankatuwa khungu n'kumwalira. Gentamicin akachuluka amaononga impso ndi makutu. Ceftriaxone sayenera khanda lomwe lili ndi chikasu. Tetracycline amadetsa mano a ana. N'chifukwa chake sikelo ndi chida chachikulu m'wodi ya ana, poti mulingo umawerengedwa pa kilogalamu iliyonse, ndipo theka la kapusozi wa bambo wothiridwa m'supuni si mulingo wa mwana aliyense.

Khanda likadwala matenda a m'magazi silionetsa zambiri. Limangokana bere, limafooka, limazizira kapena kutentha, limapuma mothamanga. Pa maola ochepa zinthu zingathe kutembenuka. WHO imalangiza kuyamba ndi ampicillin kapena penicillin pamodzi ndi gentamicin, malangizo omwe akhalapo kwa zaka zambiri. Vuto n'lakuti m'zipatala zambiri za ku Africa ndi Asia, mdani wamkulu wa makanda ogonekedwa ndi Klebsiella uja, amene mankhwala amenewa nthawi zambiri samukhudza. Kafukufuku wa GARDP, bungwe lofufuza za maantibayotiki, wofalitsidwa mu 2023, wa makanda opitirira 3,200 m'zipatala 19 za m'maiko 11, anapeza kuti madokotala ankagwiritsa ntchito misakanizo ya mankhwala yopitirira 200. Chiwerengero chimenechi chikutanthauza kuti aliyense akufufuza yekha mu mdima.

Klebsiella amakonda malo a chinyontho: masinki, mapaipi a okisijeni, manja osasamba. Kumene makanda awiri kapena atatu agona pa kabedi kamodzi, madzi a pa mpope akusowa, namwino mmodzi akugwira ana ambiri, kachilomboka kamayenda mosavuta. Choncho gawo lalikulu la nkhani ya mankhwala si ya mankhwala konse. Ndi ya madzi, sopo, malo ndi chiwerengero cha anamwino.

Masiku angati?

Tonse tinakula tikumva kuti mankhwala azimalizidwa. Kwa kholo, langizo limeneli lidakali pomwepo: masiku omwe alembedwa m'buku la kuchipatala ndi omwewo, osasiyira panjira n'kusungira otsala mwana wina. Chomwe chasintha ndi funso lomwe ofufuza akudzifunsa okha, loti kodi masiku omwe takhala tikulembawo sanachuluke? Tsiku lililonse loonjezera lopanda phindu ndi tsiku linanso lophunzitsa a m'matumbo aja.

Ena mwa mayankho anachokera ku Lilongwe. Ana 3,000 opanda HIV, a miyezi 2 mpaka zaka zosakwana zisanu, okhala ndi chibayo chokoka nthiti, anagawidwa pawiri: ena amoxicillin masiku atatu, ena asanu. Zotsatira za mu 2020 zinaonetsa kuti masiku atatu sanachepe mphamvu poyerekeza ndi asanu. Kafukufuku mnzake, wa ana opuma mothamanga chabe, anayerekeza amoxicillin ndi mankhwala ongofanizira opanda mphamvu. Mwa olandira amoxicillin, 4 mwa 100 sanapeze bwino. Mwa enawo, 7 mwa 100. Ziwerengero ziwirizi zimawerengeka pawiri. Wina aona kuti mankhwala anathandizadi ndipo sayenera kuchotsedwa. Wina aona kuti ana 93 mwa 100 anachira popanda antibayotiki. Onse akuwerenga molondola, ndipo chosowa ndi njira yodziwira pakati pa khamu ana atatu mwa 100 aja (kusiyana kwa 7 ndi 4) amene mankhwala anawathandizadi.

Mwana wosadwala safuna jakisoni

Tayifodi yosamva mankhwala akale inabuka mwamphamvu ku Blantyre kuyambira cha mu 2011. Yankho lomwe linaoneka silinachokere ku antibayotiki watsopano. Ana opitirira 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa analowa m'kafukufuku wa katemera wa tayifodi kuyambira 2018, katemerayo anateteza pafupifupi 80 mwa 100, ndipo mu Meyi 2023 anaperekedwa m'dziko lonse. Katemera wa chibayo anayamba mu 2011, wa rotavirus, vairasi yotsekula m'mimba ana, mu 2012. Mwana aliyense amene sanadwale chifukwa cha akatemera amenewa ndi botolo la ceftriaxone lomwe silinatsegulidwe.

Mafunso omwe adakali poyera

Lovuta kwambiri ndi la kupereka maantibayotiki kwa ana osadwala. Mu 2004, kafukufuku wa ku University Teaching Hospital ku Lusaka, wotsogoleredwa ndi Pulofesa Chifumbe Chintu ndi anzake, anaonetsa kuti Bactrim wa tsiku ndi tsiku anachepetsa imfa za ana okhala ndi HIV ndi 43 mwa 100, ngakhale kuti mabakiteriya ambiri kumeneko anali osamumva kale. Palibe amene angafune kubweza phindu limenelo. Kenako kunabwera kafukufuku wa MORDOR, amene anapereka azithromycin kawiri pachaka kwa ana osakwana zaka zisanu a m'midzi yosankhidwa ku Niger, ku Tanzania ndi ku Mangochi. Zotsatira za mu 2018 zinaonetsa imfa zitatsika ndi 18 mwa 100 ku Niger, koma ndi pafupifupi 6 ku Malawi ndi 3 ku Tanzania, ndipo ku Niger tizilombo tosamva mankhwala a mtundu umenewu tinachuluka. Walira mvula walira matope. Kodi miyoyo yopulumuka lero tiiyeza bwanji ndi mankhwala omwe angadzafooke mawa, makamaka poti azithromycin ndi mmodzi mwa otsala ochizira tayifodi yovuta ngati yomwe inabuka ku Pakistan mu 2016? Ndipo ndani ali ndi ufulu woyeza zimenezo m'malo mwa mayi wa ku Mangochi?

Funso lina ndi la makanda. Ngati ampicillin ndi gentamicin sakugwira m'zipatala zikuluzikulu, alowe m'malo ndani? Kafukufuku wa NeoSep1, yemwe anayambira ku South Africa ndi Kenya, akuyesa misakanizo ya mankhwala akale monga fosfomycin, flomoxef ndi amikacin. Koma ngakhale yankho litapezeka, kodi lamulo limodzi lingayenere chipatala chachikulu cha mu mzinda ndi chipatala chaching'ono cha kumudzi, pamene zomwe tikudziwa zambiri zikuchokera m'zipatala zochepa zokhala ndi labotale? Kusintha malangizo a dziko lonse potengera wodi imodzi ya mu mzinda kungapangitse ana akumudzi kulandira mankhwala amphamvu omwe sakuwafuna. Kusasintha kungasiye makanda a mu mzinda ndi jakisoni wosagwira.

Palinso nkhani ya golosale ndi msika. Lamulo limati maantibayotiki agulitsidwe ndi chikalata cha dokotala, ndipo bungwe la boma loona za mankhwala la PMRA ndilo limayang'anira zimenezi. Koma mayi amene chipatala chili makilomita ambiri, kapena amene wafika n'kuuzidwa kuti mankhwala atha akagule, alowera kuti lamulolo likakhwima mankhwala asanadzaze m'mashelefu a boma? Chiyambe n'chiti, kutseka msika kapena kudzaza famase?

Nanga ndalama zochepa zomwe zilipo zipite kuti: ku meropenem wodula wopulumutsa khanda lomwe likudwala lero, ku labotale yoti madokotala aleke kulota, kapena ku mpope ndi sinki zoti khanda lotsatira lisadwale n'komwe? Nanga mankhwala omwe alimi a nkhuku ndi nkhumba amathira m'madzi a ziweto, akuthandizira motani tizilombo tomwe tikupezeka m'magazi a ana? Ndipo makampani opanga mankhwala, amene sapeza phindu lalikulu pa antibayotiki watsopano woti azisungidwa osagwiritsidwa ntchito, adzakopeka ndi chiyani kuti apange woyenera makanda, n'kumugulitsa pa mtengo womwe Unduna wa Zaumoyo wa dziko ngati lathu ungakwanitse?